FONI IJA SANAYANKHE SATANA, NDINAYANKHA NDINE

Zimene ndilembe lero ena simukondwa nazo, koma chonde werengani mpaka kumapeto.

Zaka 7 zapitazo anandiitana kukalalikira ku mapemphero a usiku wonse ku Ntcheu. Ndinanyamuka ku Lilongwe mochedwa, wochedwetsa ndinali ine ndemwe. Tili pa M1, titangodutsa Linthipe, foni inalira. Anali akulu ampingo: "Abusa muli pati? Anthutu adzadza." Ndinayankha, dzanja limodzi pachiwongolero, phazi likuponda moto. Kutsogolo kunali thiraki, ndiye ndinati ndiipitirire pakona pomwepo. Bambo wakabaza amene amabwera kutsogoloko sindinawaone, ndinangomva phokoso basi.

Sanamwalire, Mulungu alemekezeke. Koma mwendo unathyoka pawiri, mpaka lero amayendera ndodo. Njinga imene inkadyetsa ana awo 4 sanaipalasenso.

Lamulungu lotsatira ndinaima paguwa nkunena kuti Satana amafuna kulepheretsa chitsitsimutso. Mpingo wonse: Amen! Ena anati wakabazayo anali ataledzera. Ena anati ndi mankhwala a adani a utumiki. Ine phee, chifukwa zimandikomera. Koma amayi akunyumba, amene anali pambali panga m'galimotomo, anandifunsa usiku umenewo: "Bambo, kodi foni ija anayankha ndi Satana?"

Abale, sindinagone.

Mundimvetse bwino, mdierekezi alipo ndipo timalimbana naye. Koma tamusenzetsa milandu yambiri imene ndi yathu. Matayala akutha, ati ndi ufiti. Dalaivala wamwa kachasu pasiteji, ati malowa ali ndi mizimu yofuna magazi. Khalidweli ndi lakale, Adamu atalakwa analoza mkazi, mkazi analoza njoka.

Kawerengeni Deuteronomo 22:8. Womanga nyumba analamulidwa kuika kampanda padenga kuti munthu asagwe. Mulungu sanati ingopempherera dengalo ayi. Ndipo pa Mateyu 4, wouza Yesu kuti adziponye pansi poti angelo amuwakha anali mdierekezi yemwe. Ukamathamanga ndi mabuleki osagwira nkumati ndaphimbidwa ndi mwazi wa Yesu, umenewo ndiye kumuyesa Mulungu.

Tawerengerani nokha. Galimoto ikamathamanga makilomita 100 pa ola, pa sekondi imodzi imayenda mamita pafupifupi 28. Mukayang'ana meseji ya WhatsApp masekondi 3 okha, mwayenda mamita oposa 80 osaona kutsogolo. Limenelotu ndi pafupifupi bwalo lonse la mpira. M'mamita amenewo mukhoza kukhala mwana wa wina akuchokera kusukulu.

Achimwene a minibasi, pasenjala mmodzi amene mukulimbirana ndi anzanu saposa miyoyo imene mwanyamula. Anyamata a njinga zamoto, anthu atatu pampando opanda chipewa, mukuwatengera kuti? Nanunso okwera, mumakhala chete dalaivala akuuluka, mwinanso kumuchemerera kuti ndi katswiri. Lankhulani. Akakana, tsikani. Kuchedwa kuli bwino kusiyana ndi kukafika m'bokosi.

Ine panapita miyezi ndisanalimbe mtima kupita kwawo kwa bambo aja. Ndinakhala pansi pakhonde nkuwauza kuti wolakwa ndine. Anandikhululukira. Kenako ndinauza mpingo zoona, ena anachoka chifukwa cha zimenezo. Mpaka lero ndimathandiza fizi ya ana awo, koma musandiombere m'manja, imeneyo ndi ngongole. Nthawi zonse akamadzuka kuti andilonjere, amayamba afufuza ndodo ija. Mulungu anandikhululukira inde, koma madzi akatayika saoleka.

Mwina inunso pali wina amene munamupweteka nkuloza kwina. Pitani mukamuone akadali moyo.

Mawa mukamanyamuka pempherani ndithu, nane ndimapemphera. Mukati Amen, mangani lamba, foni ikani m'thumba, ndipo nyamukani nthawi yabwino. Musangolemba Amen m'munsimu, tumizirani dalaivala amene mumamukonda.

Ambuye akusungeni paulendo.