Tsitsi la Mzindo Lifuna Madzi ndi Mafuta a Kwathu Konkuno

Mphepo ya mwera ikayamba kuomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, milomo n'kumasuwa, zidendene n'kuchita ming'alu, tsitsi nalonso limalowa m'masautso ake: limauma, limanyankhalala, limaduka pa chipeso, ndipo pofika Okutobala, pamene dzuwa laswa mtengo ndipo fumbi lili ponseponse, amayi ambiri amakhala atatopa nalo kotero kuti amathamangira ku saluni kukaliwongola ndi mankhwala, poyesa kuti tsitsi la munthu wakuda ndi lovuta chibadwire ndipo liyenera kugonjetsedwa. Ine ndinena kuti tsitsi lathu lilibe mlandu. Lili ndi ludzu, ndipo zoliphera ludzulo Namalenga anatimeretsera kuseri kwa nyumba.

Khungu la pamutu limatulutsa mafuta akeake. Kwa anthu a tsitsi lowongoka, mafutawo amatsetsereka osavuta kuchokera kutsinde kufikira kunsonga. Koma tsitsi lathu, pokhala lopotana, limawatsekereza panjira, kotero kuti kutsinde kumakhala konona pamene kunsonga kuli gwa, ndipo paliponse pamene tsitsi lapindika ndi pamene limafulumira kuduka. Tsono ife, m'malo mosunga mafuta ochepawo, timawatsuka ndi sopo wochapira zovala, amene anapangidwira kuchotsa litsiro la m'makolala, kenaka n'kupesa tsitsi lili louma, likulira thethethe, ife n'kumadabwa kuti bwanji silikula. Kukula limakula ndithu, koma limathothoka kunsonga msanga monga momwe likumerera kutsinde.

Za mankhwala owongola tsitsi ndiyenera kunena mosapsatira mawu, pakuti chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Ambiri a iwo mphamvu yawo ili mu caustic soda, amene ali mbale wake wa chidulo chofewetsera ndiwo, koma waukali kopambana. Amathyola zomangira za m'kati mwa tsitsi kuti ligone pansi, ndipo tsitsi lothyoledwa chotero silibwereranso mwakale, kufikira litamera lina. Ndani sanaonepo mkazi wa zilonda m'mutu, kapena wa tsitsi lofiirira ndi lopyapyala, chifukwa cha mankhwala amene anakhalitsa pakhungu? Ndipo pali china cholemera koposa zilonda. M'chaka cha 2022, akatswiri a National Institutes of Health ku America, atatsata amayi oposa 33,000 kwa zaka pafupifupi 11, anapeza kuti khansa ya chiberekero inkapezeka kowirikiza kawiri, ndi kupitirirapo, mwa amene ankawongola tsitsi ndi mankhwala koposa kanayi pachaka, poyerekeza ndi amene sankatero. Eni kafukufukuyo ananena okha kuti pafunika kufufuzabe; komatu munthu wanzeru akamva kuti pa dooko paoneka ng'ona sadikira kuti aione ndi maso ake.

Makolo athu, amene sanadziwe saluni, sanali anthu a mitu yotuwa. Amayi ankathyola nsatsi, kuzikazinga, kuzisinja mu mtondo, kuziwiritsa m'madzi ndi kuyengula mafuta oyandama pamwamba, ndipo mafuta amenewo, osungidwa mu nsupa, ndiwo ankadzola khanda, namwali wotuluka m'tsimba ndi nkhalamba yomwe, kuyambira kumutu kufikira kumapazi. Posambitsa tsitsi ankafikisa masamba a chewe m'madzi mpaka atuluke madzi oterera, amene amachotsa litsiro osaumitsa tsitsi, namasula mfundo zake kuti chipeso chidutse mwamtendere. Mayi Jessie Williamson, amene anasonkhanitsa ntchito za zomera za dziko lino m'buku lake la Useful Plants of Nyasaland la 1955, anachita kufunsa anthu a m'midzi. Nzeruzo zinali zathu, ndipo n'zachisoni kuti mdzukulu wa lero adziwa maina a mafuta a ku Johannesburg ndi ku London koma nsatsi aiyesa tchire. Mawu a akulu akoma akagonera.

Koma pano pali chinthu chimene ambiri amalakwitsa, ngakhale iwo amene abwerera ku zachilengedwe: mafuta sanyowetsa tsitsi. Chonyowetsa ndi madzi, ndipo ntchito ya mafuta ndi kutsekera madziwo kuti asauluke msanga. Wopaka mafuta pa tsitsi louma angoliwalitsa kunja, m'kati likadali ndi ludzu lake. Chifukwa chake yambani mwalinyowetsa, kapena ndi madzi okha, kapena ndi madzi oterera a therere lobala lowiritsa ndi kusefa, kapena ndi utomoni woyera wa m'kati mwa tsamba la alovera. Ligaweni m'zigawo, mumasule mfundo ndi zala musanagwire chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kutsinde. Ndipo pamenepo, likadali lachinyezi, pakani mafuta pang'ono. A nsatsi ndi olemera, ayenera tsitsi la mzindo weniweni ndi nsonga zake. A kokonati amalowerera m'kati mwa tsitsi, ndipo athandiza kwambiri akapakidwa musanasambe. Peyala lakupsa la ku Thyolo kapena ku Mulanje, lopotedwa bwino, lokhala pamutu theka la ola lisanatsukidwe, limasiya tsitsi lofewa. Usiku mangani mpango woterera, pakuti nsalu ya thonje imamwa chinyezi cha tsitsi munthu ali m'tulo.

Ndiponso taonani mlambe. Ana a ku Mangochi, ku Salima ndi ku Chikwawa amamung'unya malambe ndi kulavula nthanga, pamene nthanga zomwezo zimafinyidwa mafuta amene amawoloka nyanja, nakathiridwa m'timabotolo ta zilembo zokongola, nagulidwa pa mtengo umene mayi wotola malambeyo sangaulote. Chimodzimodzi msikidzi, umene anzathu a ku Mozambique amayengako mafuta a mafura, ndi mfula. Sindiletsa munthu kugula mafuta a shea ochokera ku Ghana ngati thumba lake lilola, pakuti ndi abwino. Koma ndikhumba kuona magulu a amayi athu akuyenga mafuta a kuno mwaukhondo, a Malawi Bureau of Standards akuwayesa ndi kuwadinda chidindo, kuti wogula adziwe chimene akudzola ndipo ndalama itsale m'mudzi.

Komabe si chilichonse chomera m'nthaka chili chosalakwa. Njere za nsatsi ndi zotsalira zake mutayenga zili ndi ululu wakupha, ndipo ziyenera kukhala kutali ndi ana ndi ziweto. Mafuta ochuluka osasambidwa amasonkhanitsa fumbi ndi kuchulukitsa mfundu. Khungu la wina limakana chimene la mnzake lalandira, choncho yesani kaye pang'ono kuseri kwa khutu. Chipere ndi zilonda za m'mutu ndi matenda, ndipo malo ake ndi kuchipatala. Kuluka kokoka kwambiri kumazula tsitsi la m'mbali mwa chipumi, ndipo likazuka kwa zaka zambiri palibe mafuta, a nsatsi kapena a m'sitolo, amene angalimeretsenso.

Inu amayi ndi azakhali amene mumakhazika kamtsikana pakati pa miyendo Loweruka madzulo kuti mukaluke, musakauze kuti tsitsi lake ndi loipa. Linyowetseni, lidzozeni, lukani mosakoka, ndipo mankhwala owongola asayandikire mutu wa mwana.