Kuzula si mankhwala okhawo a dzino lobowoka

M'makomboni a Lusaka muli mawu amene anthu akuwalandira ngati choonadi. Timawamva m'minibasi, m'misika ya Chawama ndi Matero, komanso pa WhatsApp. Akuti dzino likabowoka, mankhwala ake ndi kuzula basi, pakuti kumata n'kutaya ndalama: chomatacho chimagwa ndipo dzino limayambiranso kuwawa. Ena amawonjezera kuti dokotala wofuna digiri yachiwiri ya kukonza mano ndi sayansi ya zomatira mano akukonzekera kutumikira olemera a ku Kabulonga, chifukwa munthu wa m'komboni ya George alibe nazo ntchito. Ife tikukana mawu amenewa, ndipo tikuti amene akufunikira kwambiri maphunzirowa ndi munthu wa m'komboni yemweyo.

Amene amalankhula izi sakupeka zonse. Zomata zimagwadi nthawi zina. Palinso mano amene afika poti sangapulumuke: muzu wawola, tsaya latupa, mafinya asonkhana. Dzino lotere likazengerezedwa likhoza kuika moyo pachiswe, ndipo kulizula n'koyenera. Koma dzino silifika pamenepo tsiku limodzi. Tizilombo tokhala m'kamwa timadya shuga wotsalira wa m'tiyi, maswiti ndi zakumwa zotsekemera za pa kantemba, n'kutulutsa asidi amene amasungunula chikuto cholimba cha dzino pang'onopang'ono. Pamadutsa miyezi, kawirikawiri zaka, kuchokera pa kadontho koyamba kufika pa usiku umene munthu sagona ndi ululu. Nthawi yonseyo dzino limakhala lotheka kulikonza. Anthu ambiri amafika ku chipatala cha Kanyama kapena Matero nthawiyo itadutsa kale, ndiye amabwerako atazulidwa, n'kumauza anzawo kuti kuchipatala amangozula.

Nanga chomata chimagweranji? Pa msewu wa Alick Nkhata ku Kalingalinga aliyense amadziwa kuti buloko ikamanyenyeka, vuto si simenti koma kasakanizidwe kake ndi dzanja la woumba. Zomatira mano zilinso chimodzimodzi. Chomatira choyera chotchedwa composite chimafuna kuti dzino likhale louma ndithu pochiika, ndiponso chimauma ndi kuwala kwa nyali yapadera. Malovu akalowapo, kapena nyaliyo ikakhala yofooka, sichigwira bwino. China, glass ionomer, chimabwera ngati ufa ndi madzi ake, ndipo chimafuna muyeso weniweni. Kukatentha, monga mu Okutobala, chimauma msanga dokotala asanamalize kuchiika. Kudziwa chomatira choyenera bowo lakuti, kusunga kwake m'nyengo yathu, ndi kuzindikira katundu wosalimba amene sitiyenera kugula, ndiyo ntchito ya sayansi imene ena akuinyozayi. Kugwa kwa zomata ndi umboni wakuti akatswiri otere akutichepera.

Zoti sayansi imeneyi ndi ya olemera, mbiri ikutsutsa. Njira yotchedwa ART inayambira ku Tanzania m'zaka za m'ma 1980, pamene dokotala wa mano Jo Frencken anafuna kuthandiza anthu okhala kumalo opanda magetsi. Pa njirayi sagwiritsa ntchito makina oboola. Amakokota chowolacho ndi tizitsulo ta m'manja, n'kutseka bowo ndi glass ionomer, imene imagwirana ndi dzino payokha ndiponso imatulutsa fluoride wolimbitsa dzino. Njirayi inayesedwa m'masukulu a ku Zimbabwe m'zaka za m'ma 1990, ndipo pa mabowo ang'onoang'ono imakhala zaka. Mu 2021 bungwe la WHO linaika glass ionomer pa mndandanda wa mankhwala ofunikira, pamodzi ndi silver diamine fluoride, madzi amene amapakidwa pa bowo kuti kuwola kuime. Amene anaona kuzima kwa magetsi kwa 2024, madzi atachepa ku Kariba, sangafunse chifukwa chimene kiliniki ya ku Mtendere ikufunikira njira yosadalira magetsi.

Pali chifukwa china chimene sitingachizembe. Kwa zaka zoposa 100 chomatira cholimba ndi chotchipa chinali amalgam, chija chooneka ngati siliva, chimene pafupifupi theka lake ndi mekyule. Pangano la Minamata la 2013, limene Zambia inalowamo, likufuna kuti maiko achepetse mekyule, ndipo mu 2022 anagwirizana kuti amalgam isamaikidwe kwa ana osakwana zaka 15, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa. Amene ali nayo m'kamwa ndipo ili bwinobwino asathamangire kukaichotsa. Koma dziko lonse likusamukira ku zomatira zina, ndipo zimenezo zimafuna luso lochuluka. Ngati tilibe anthu athu odziwa kuziyesa ndi kuphunzitsa ena, tidzagula chilichonse chimene wamalonda watibweretsera.

Amene akuti kuzula n'kotchipa amawerenga ndalama za tsiku limodzi lokha. Dzino lotafunira likachoka, oyandikana nalo amayamba kupendekera m'mpatamo, lokumana nalo limatsika kapena kukwera, ndipo fupa la pamalopo limachepa. Chakudya chimayamba kutsakamira, mano ena n'kuyambanso kubowoka. Munthu amene wazulidwa anayi kapena asanu amasiya chimanga chowotcha, nzimbe ndi nyama, kenako amafuna mano oikirira amene mtengo wake umaposa kumata kuja. Mtsikana wopanda dzino lakutsogolo amaphimba pakamwa pamene akufunsira ntchito. Chomvetsa chisoni koposa ndi dzino lalikulu loyamba lotafunira, limene limamera kumbuyo mwana ali ndi zaka pafupifupi 6. Silimera pamalo pa linzake logweluka, choncho makolo ambiri amaliyesa la ubwana, n'kulisiya liwole poganiza kuti lina lidzamera, pamene limenelo ndi la moyo wonse. M'mera m'poyamba, ndipo pa dzino limeneli kuchedwa kumatayitsa chinthu chosabwerera.

Ena ati ndalama zipite ku madzi ndi ukhondo, pokumbukira kolera wa 2023 mpaka 2024 amene anasandutsa Heroes Stadium kukhala malo a odwala. Kumeneko ndalama zipitedi. Koma kuwola kwa mano si matenda a apo ndi apo. Lipoti la WHO la 2022 linati anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko ali ndi matenda a m'kamwa, ndipo ambiri mwa iwo ali m'maiko osauka ndi apakati. Mwana wa dzino lowawa samva za m'kalasi, ndipo mayi wogulitsa pa msika amataya malonda a tsiku lonse ali pamzere.

Maziko tili nawo. Yunivesite ya Copperbelt inayamba kuphunzitsa madokotala a mano ku Ndola mu 2011, ndipo Lusaka ili ndi yunivesite ya Levy Mwanawasa komanso chipatala cha UTH. A ku Malawi nawonso anayamba digiri yawo ya za mano mu 2019. Ophunzira amenewa amafunikira aphunzitsi amene anazama pa kukonza mano, pakuti wophunzitsidwa kuzula kokha adzazula moyo wake wonse. Tikupempha Unduna wa Zaumoyo uthandize madokotala athu kukaphunzira digiri yachiwiri, kaya ku yunivesite ya Muhimbili ku Dar es Salaam kapena ya Western Cape, ndipo akabwerako awatumize ku zipatala za Kanyama, Matero ndi Chawama ali ndi zomatira m'kabati. Tikupemphanso kuti ana aziyang'anidwa mano kusukulu. Inu makolo, tsukani ana mano kawiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi fluoride, ndipo mukaona kadontho kakuda musadikire ululu. Mukafika kuchipatala, musanavomere kuzula, funsani dokotala ngati dzinolo lingakonzedwe.