Zigoli zisanu zisatitayitse wochinga kumbuyo: taonani Saki Kumagai wa ku Japan

Ambiri a ife tikumbukira m'mawa wa pa Ciweru, pa 22 July 2023. Kunja kunali kuzizira, ndipo ena tinasiya cimanga cosatonola pa mphasa kuti tikaunjikane pa wailesi, ena pa TV ya mnansi. Atsikana athu a Copper Queens anali kuchaya bola kwa nthawi yoyamba pa Cikho ca Dziko Lonse, mumzinda wa Hamilton ku New Zealand. Masabata awiri m'mbuyomo anali atagonjetsa Germany 3-2 kwao komwe, motero mitima yathu inali m'mwamba. Koma tsiku lija Japan inatimwetsa zigoli 5-0.

Masewera atatha, mau amene tinamva m'misika ndi pa zigayo anali amodzimodzi: akumbuyo ndiwo atigwetsa, acotsedwe onse, abwere ena. Ife sitigwirizana nao mau amenewa, ndipo cifukwa cathu ticitenga kwa munthu amene anatsogolera timu yomwe inatigonjetsayo. Kaputeni wa Japan tsiku lija anali Saki Kumagai, wochinga kumbuyo wa zaka 32. Sanagoletse, ndipo pa wailesi dzina lake silinachulidwe kawirikawiri, popeza bola siinali kufika ku golo lake. Koma moyo wake wa pa bwalo uli ndi cotiphunzitsa kuposa zigoli zisanu zija.

Kumagai anabadwa mu 1990 ku Sapporo, pa cilumba cozizira ca Hokkaido kumpoto kwa Japan. Akali mtsikana anasiya makolo ace napita ku Sendai kukaphunzira pa sukulu ya sekondale ya Tokiwagi Gakuen, yodziwika pa bola ya atsikana. Onani apa: sanasiye sukulu kuti achaye bola, koma sukulu ndiyo inam'patsa bwalo ndi mphunzitsi. Atatsiriza analowa timu ya Urawa Reds mu 2009, ndipo mu 2011 anapita ku Germany kukachayira timu ya Frankfurt.

Caka ca 2011 cinali ca maliro ku Japan. Pa 11 March civomezi cacikulu ndi madzi osefukira a m'nyanja zinapha anthu zikwizikwi kumpoto cakum'mawa kwa dzikolo, ndipo Sendai, kumene Kumagai anaphunzira, inali pakati pa malo okanthidwa. Patangopita miyezi inai, pa 17 July, atsikana a Japan, amene kwao awacha Nadeshiko potengera dzina la duwa, anakumana ndi America pa masewera otsiriza a Cikho ca Dziko Lonse mumzinda wa Frankfurt. Matimu awiriwa anali atakumanapo kokwana 25, ndipo Japan inali isanapambanepo n'kamodzi komwe. Kawiri America inatsogola, kawiri Japan inabweza, poyamba ndi Aya Miyama, kenaka ndi kaputeni Homare Sawa patatsala mphindi zitatu kuti nthawi yoonjezera ithe. Zinthu zinafika pa mapenoti. Golokipa Ayumi Kaihori anagwira awiri, ndipo penoti yotsiriza anapatsa Kumagai, mtsikana wa zaka 20 amene tsiku lomwelo anaona bola ilowa kawiri m'golo limene anali kuchinga. Anaiponya m'mwamba mwa ukonde, Japan nikhala dziko loyamba la ku Asia kutenga cikhoco.

Nkhani ikadathera pamenepa, tikadangoombera m'manja. Koma cigawo cimene tifuna muciike pamtima ndi ca 2015. Pa 5 July caka cimeneco, ku Vancouver m'dziko la Canada, Japan ndi America zinakumananso pa masewera otsiriza. Pofika mphindi 16, America inali itagoletsa kale zinai, zitatu mwa izo za munthu mmodzi, Carli Lloyd. Masewera anatha 5-2. Kumagai anali pomwepo, pakati pa ochinga kumbuyo, dziko lonse lapansi lili kupenya. Conco kuwawa kwa zigoli zisanu kumene ana athu anakumva ku Hamilton, iye anali atakulawa kale, ndiponso pa tsiku lalikulu loposa.

Nanga a ku Japan anacita naye ciani? Kodi anam'cotsa nati abwere wina? Iai. Mu 2017 mphunzitsi Asako Takakura anam'patsa ukaputeni wa timu ya dziko. Ku France, kumene anapita mu 2013, timu ya Lyon inam'sunga zaka zisanu ndi zitatu. Ali kumeneko anatenga ligi ya France kasanu ndi kawiri, ndi cikho ca matimu opambana a ku Ulaya kasanu motsatana, kuyambira 2016 kufikira 2020. Pa masewera otsiriza a 2016, olimbana ndi Wolfsburg, penoti yomaliza inalinso yake. Mu 2019 anasankhidwa kukhala wosewera wamkazi wopambana mu Asia yense. Anapita ku Bayern Munich mu 2021 natenga ligi ya Germany mu 2023. Anapita ku Roma natenga ligi ya Italy mu 2024. Kuciyambi kwa 2025 anasamukira ku London City Lionesses ku England. Pa timu imene inatigonjetsa ku Hamilton, iye yekha ndiye anali wotsala mwa aja anatenga cikho mu 2011.

Werengani zaka zimenezi bwino, abale. Kucokera pa penoti ya ku Frankfurt kufikira tsiku limene anakumana ndi ana athu panapita zaka 12. Wogoletsa akhoza kuchuka ndi liwiro la miyendo yake akali wamng'ono, pakuti nchito yake ifuna mphindi imodzi yabwino pa mphindi 90. Wochinga kumbuyo afunika kukhala wolondola mphindi zonse 90, ndipo akaphonya kamodzi dziko lonse liona. Nchito yake ndiyo kudziwa kumene bola idzagwera isanaponyedwe, kudziwa nthawi yolowa ndi nthawi yodikira, kuitana anzake kuti mzere usapindike. Nzeru zotere siziphunziridwa pa bolodi. Zibwera mwa kulakwa, kumwa zigoli, ndi kubwereranso pa bwalo sabata yotsatira. Ife alimi tidziwa kusiyana kwa repu ndi mtengo wa mango. Repu muthyola patapita masabata ocepa. Mango mudikira zaka, muuchingira mbuzi, ndipo caka cimene sunabale simuudula. Wochinga kumbuyo ndi mango.

Alipo amene adzati, "A ku Japan ndi olemera, musatiyerekeze nao." N'zoona kuti ali ndi mabwalo ndi masukulu amene ife tilibe, ndipo sitifuna kubisa zimenezo. Koma tisaganize kuti atsikana a 2011 anali kusambira m'ndalama. Ambiri a iwo anali pa nchito zina masana ndi kucita maphunziro a bola madzulo. Aya Sameshima, amene anali kuchinga kumanzere kwa Kumagai pa masewera aja, anali wanchito pa malo opangira magetsi a ku Fukushima, ndipo timu yake inaima civomezi citaononga malowo. Ligi ya akazi yolipira osewera mokwanira, yochedwa WE League, inayamba mu 2021, patapita zaka khumi citengere cikho. Cimene anali naco poyamba si ndalama, koma sukulu yolola mtsikana kuchaya bola, makolo om'masula, ndi aphunzitsi odekha naye. Zinthu zitatu izi sizigulidwa ndi yen kapena kwacha.

Ena adzati, "Kudekha n'kwabwino, koma wolephera ndi wolephera." Tivomera kuti si yense womwa zigoli adzasanduka Kumagai, ndipo mphunzitsi wa timu ali ndi ufulu wosintha osewera. Koma kusintha kocokera m'maso a mphunzitsi amene aona mwana tsiku ndi tsiku n'kosiyana ndi kusintha kocokera m'mkwiyo wa ife omvera pa wailesi. Kumbukiraninso zimene zinatsatira. Japan yomweyo inagonjetsa Spain 4-0, ndipo Spain ndiyo inadzatenga cikho caka cimeneco. Tsono amene anatigonjetsa sanali timu wamba. Ndipo pa 31 July, pamene tinapambana Costa Rica 3-1, cigoli coyamba ca Zambia m'mbiri ya Cikho ca Dziko Lonse anagoletsa ndani? Lushomo Mweemba, wochinga kumbuyo, mmodzi wa aja tinali kuti acotsedwe masiku asanu ndi anai m'mbuyomo.

Tinyadira Barbra Banda ndi Racheal Kundananji, ndipo n'koyenera. Pamene Kundananji anagulidwa ndi Bay FC ya ku America mu 2024, mtengo wake unaposa wa wosewera wamkazi aliyense kufikira nthawi imeneyo. Koma mu January 2025 wamkazi woyamba kugulidwa pa mtengo wopitirira madola miliyoni imodzi anali Naomi Girma, amene anapita ku Chelsea, ndipo iye ndi wochinga kumbuyo. Matimu akulu azindikira mtengo wa nchito imeneyi. Ife kuno tikali kumbuyo pa kuzindikira kumeneku. Pitani pa bwalo la sukulu iriyonse ya kumudzi muone m'mene ana agawanira malo: wothamanga ndi waluso aikidwa kutsogolo, ndipo wotsalira auzidwa kuti, "Iwe khala kumbuyo, ikabwera uziingomenya." Palibe amene am'phunzitsa kanthu, koma zigoli zikalowa ndiye woyamba kutukwanidwa. Mtsikana wotukwanidwa pamaso pa mudzi wonse sabweranso Ciweru cotsatira, ndipo makolo ace, amene kale anali okayika, apeza cifukwa com'tsekera pakhomo.

Tsono pempho lathu lipita kwa anthu atatu. Kwa inu aphunzitsi a masewera: ikani kumbuyo mwana wanzeru, woona patali, wodziwa kulankhula ndi anzake, ndipo mum'siye pamalopo zaka zingapo ngakhale alakwe. Muonenso kuti atsikana ali ndi masiku ao pa bwalo, osati kudikira kuti anyamata atope. Kwa inu makolo anzathu: mwana wamkazi akapempha kupita ku bola, pangano likhale lakuti bola iyenda pamodzi ndi sukulu, monga zinaliri kwa Kumagai ku Sendai. Si onse adzafika ku Lyon, koma mtsikana amene ali ndi cifukwa cokondera sukulu acedwerapo, ndipo tidziwa tonse cimene cidikira mtsikana wosiya sukulu ali mu Giredi 7. Nchito za pakhomo zigawidwe, alongo ace aamuna nawonso adziwa njira ya ku dirawo. Kwa ife oonerera: tiphunzire kuombera m'manja bola yolandidwa bwino monga tiombera cigoli, ndipo mwana wa mnzathu akaphonya tigwire pakamwa.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. A ku Japan anadekha ndi mtsikana amene anamwa zigoli zinai m'mphindi 16, ndipo patapita zaka zisanu ndi zitatu ndiye anabwera atavala lamba wa ukaputeni kudzatseka njira ya Barbra Banda. Tsiku lina Zambia idzakumananso ndi Japan. Amene adzachinga golo lathu tsiku limenelo mwina lero ali mu Giredi 5 ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi, ndipo Ciweru cikubweraci akhoza kumwa zigoli zisanu pa bwalo la fumbi. Zimene tidzamuuza pocoka pa bwalopo ndizo zidzasankha ngati adzabwereranso.