HITLER AKANAGONJETSA RUSSIA, NDEGE ZAKE ZIKANAWINA NKHONDO? INE NDAKANA

Anzanga, nkhani ija ikuzungulira m'magulu yoti Hitler akanangogwetsa Moscow mu 1941, basi ndege za Ajeremani zikanamaliza Britain ndi America, ine ndakana. Inu mumaonera timavidiyo ta pa YouTube, mumaona ndege yonyezimira ikuthamanga n'kumati eee koma Mjeremani. Ife okonza injini timafunsa zina: imamwa chiyani, imatha maola angati isanafe, sipeya yake ichokera kuti?

Chabwino, tiwapatse zimene mukufunazo. Russia yagwa, asilikali afika pa mzere umene ankaufuna, wochoka ku Arkhangelsk kumpoto mpaka ku Astrakhan kummwera. Mukuti ndiye kuti mafuta a ku Baku ndi awo. Eti? Mu August 1942 Ajeremani analandadi Maikop, dera la zitsime za mafuta. Anapeza a Soviet atseka zitsime ndi kuwotcha makina, moti mafuta amene anatulukamo sanali oti n'kuwerengera. Amene anachita zimenezo ku Maikop akanasiya Baku ali bwinobwino? Ndipo mafuta akatuluka pansi si petulo wa ndege ayi, amafuna kuyengedwa, kenako anyamulidwe mtunda wa makilomita pafupifupi 3,000 kukafika ku Berlin, pa njanji ya Russia imene kukula kwake n'kosiyana ndi ya Germany. Britain ndi France anali atakonza kale pulani yophulitsa Baku mu 1940. Ndege zochokera ku Iraq kapena Iran zikanafikako mosavuta. Tonse tikudziwa kuti kumva zoti mafuta afika ku doko la Beira kapena Nacala si ndiye kuti chigubu chako chadzaza ku Makanjira.

Tsopano ndege imene mumaikonda ija, Me 262, jeti yoyamba kumenya nkhondo. Liwiro inali nalo, sindikukana, inkasiya ndege za mapiko ozungulira kumbuyo. Koma injini yake, Jumo 004, inkakhala maola 10 mpaka 25 basi, kenako ichotsedwe. Aise, taganiza. Wagula Yamaha 40 yatsopano, wapita nayo ku usipa mausiku atatu, lachinayi yafa. Ndani angakupatse ngongole ya boti lotero? Vuto silinali nzeru za amisiri. Mkati mwa jeti mumatentha koopsa, ndiye zitsulo zake zimafuna nickel, chromium ndi cobalt, zimene Germany inalibe zokwanira. Anagwiritsa ntchito chitsulo wamba chopaka aluminiyamu. Chimodzimodzi ma ringi a pisitoni otchipa amene anthu amandibweretsera, lero ilira bwino, sabata yamawa utsi. Komanso woyendetsa akakankha mafuta mwachangu, injini inkazima kapena kuyaka. Mwa ndege pafupifupi 1,400 zimene anapanga, zambiri sizinamenye nkhondo n'komwe.

Wina anena kuti zitsulozo akanazipeza ku Russia. Yang'anani mapu. Nickel wa ku Norilsk ali kutali ku Siberia, chromium wambiri ali ku Kazakhstan ndi ku mapiri a Ural, zonsezi kuseri kwa mzere uja. Ndipo n'komweko kumene a Soviet anasamutsira mafakitale oposa 1,500 mu 1941, kuwapasula n'kuwakweza pa sitima. Ndiye "kugonja" kwa Russia sikukanamasula ndege zonse. Zina zikanatsalabe kum'mawa kuyesa kuphulitsa mafakitale amenewo, ndipo apa m'pamene pali nthabwala. Ndege ya mabomba yopita kutali analibe. Mkulu amene ankalimbikitsa zimenezo, Walther Wever, anafa pa ngozi ya ndege mu 1936, pulani yake n'kuyikidwa pambali. Imene anadzapanga, He 177, anamangirira injini ziwiri pamodzi kuti zizizungulitsa phiko limodzi, mothinana mopanda mpweya, mafuta akudonthera pa ekizozi yotentha. Inkayaka yokha m'mwamba mdani asanaiwombere, mpaka oyendetsa ake anaitcha layitala. Makanika aliyense akaona pamalo poti sipanala singalowe, amadziwa kuti amene anajambula sanakonzepo injini.

Pali pamene ndikugwirizana nanu. Ndege zomenyera nkhondo zochoka kum'mawa, pamodzi ndi mizinga ya 88 ija, zikanabwerera kukateteza Germany. Pa 14 October 1943 ku Schweinfurt, America inataya ndege za B-17 zokwana 60 mwa 291 tsiku limodzi. Masiku otero akanachuluka. Alangizi a oyendetsa ndege amene anafera ku Stalingrad akunyamula chakudya akanakhalapobe kumaphunzitsa anyamata. Kudutsa nyanja kukatera ku Normandy mu 1944 mwina sikukanatheka chaka chimenecho. Nkhondo ikanatalika, anthu akanafa ochuluka.

Koma kutalika si kuwina. Mu 1944 Germany inapanga ndege pafupifupi 40,000, America yokha pafupifupi 96,000, Britain tisanaiwerengere. Fakitale ya Ford ku Willow Run inafika potulutsa B-24 imodzi pa ola, ndipo palibe ndege ya Hitler imene ikanafikako kukaiphulitsa. P-51 Mustang, atayiika injini ya Merlin, inkaperekeza ndege za mabomba mpaka ku Berlin n'kubwerera. Petulo wambiri wa ndege za Germany ankachokera ku malasha, m'mafakitale ngati Leuna, ndipo America itayamba kuwaphulitsa mu May 1944, ndege zinayamba kugona pansi. Mafakitale amenewo sakanasamuka chifukwa Moscow yagwa. Kumbuyo kwa zonsezi kunali B-29 ndi bomba lija linagwera Hiroshima mu August 1945, limene asayansi anayamba kulipanga poopa kuti Hitler aliyamba.

Chimene chimandinyansa ndi choti ena mwa ife tikumaika chithunzi cha munthu ameneyu pa sitetasi ngati ngwazi. Kuwina kum'mawa kumene mukukunenaku pulani yake inali kulanda chakudya cha ku Ukraine n'kusiya anthu mamiliyoni afe ndi njala, Ayuda n'kuwatheratu. Ndege zambiri za kumapetoko ankazipanga ndi akaidi ndi anthu ogwidwa ukapolo, ena m'mapanga a pansi. Mu 1937 boma lomwelo linagwira ana a ku Rhineland obadwa kwa abambo achikuda n'kuwatseka kuti asadzabereke. Ana a khungu ngati lathuli. Pa nkhondoyo agogo athu a KAR anali mbali inayo, ku Abyssinia, ku Madagascar mpaka ku Burma.

Amene akutsutsabe asanditumizire chithunzi cha jeti. Andiuze chromium akanamutenga kuti, ndi njira imene mafuta a ku Baku akanadutsa. Ndili ku gombe mpaka mwera utaleka, pali ma injini anayi akudikira.