NJINGA NDI LOLE SIZIGAWANA MSEU

Pali mau amene afala pakati pa anyamata otsiriza sukulu, akuti mwamuna weniweni ndiye wopalasa njinga kucokera ku Chipata kufikira ku Lusaka. Akulu ena awalimbitsa mtima ndi mwambi uja wakuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ine ndikana uphungu umenewu, pakuti wounena akumbira manda mwana wa mnzace.

Tiyeni tiyambe taona mseu wace. Great East Road, pakati pa mizinda iwiriyi, ndi makilomita pafupifupi 570. Ndiwo mseu wa mabasi ndi malole opita ku Mwami ndi ku Malawi, ndipo pa Katete ulandiranso malole ocokera ku Mozambique. Kuyambira ku Rufunsa kutsikira ku mlatho wa Luangwa, ndi kukweranso ku Kacholola, mseu ukhotakhota m'mapiri, kwina phiri, kwina phompho. M'cigwamo dzuwa la mwezi wa Okutobala lifoola munthu, ndipo wofooka sagwira bwino cowongolera.

Inu amene munaphunzira masamu, werengani nokha. Lole yothamanga makilomita 80 pa ola idutsa mamita 22 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akakuonani potulukira pokhota, asanaponde ndi mabuleki omwe wayenda kale mtunda wotere, ndipo katundu wolemera amkankha kumbuyo. Ngakhale lole isakukhudzeni, mphepo yace iyamba yakukankhirani kumbali, kenaka nikukokerani ku matayala ace. Nanga malole awiri akakumana pamene muli inupo, apatuke ndani?

Otsutsa ati: “Alendo akunja apalasa mseu womwewu.” Indedi, m'caka ca 2003 unayambika ulendo wa Tour d'Afrique wocoka ku Cairo kunka ku Cape Town, ndipo wapyola ndi m'dziko lathu lino. Koma iwo ayenda pagulu, abvala zisoti, ndipo magalimoto awanyamulira madzi, cakudya, mankhwala ndi makaniko. Mnyamata wathu anyamuka yekha ndi njinga yobwereka, mabuleki ace otha, ndi cimanga cokazinga m'thumba. Kodi ulendo wa awa ndi wa uyu tingauyese umodzi?

Atinso: “Ogulitsa makala ayendamo masiku onse.” Iwowa umphawi ndiwo uwapirikitsira mumseu. Tiyenera kuwacitira cifundo, koma kusandutsa bvuto lao cinthu conyadira ndiko kupusa.

Potsiriza ati: “Lamulo lilola wa njinga kuyenda mumseu monga wa galimoto.” Izi nzoona ndithu. Koma lamulo silingaimitse lole pamtsetse. Lilankhula m'bwalo la milandu, maliro atapita kale. Mai amene anagulitsa mtedza ndi nkhuku zaka zambiri kuti mwana wace aphunzire sadzatonthola pomva kuti mwanayo sanalakwe.

Njinga si mdani wathu iai. Itifikitsa kumunda, kumsika ndi kucipatala, ndipo anthu a kum'mawa aidziwa bwino kupambana ena. Amene sangalewe kulowa nayo mumseu waukulu, ayende kumanzere ndi masana okha, abvale zoonekera patali, akonze mabuleki, ndipo akamva lole kumbuyo pamalo opanikiza atsike naima pambali, osacita manyazi. Boma nalo, pamodzi ndi bungwe la Road Transport and Safety Agency limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2002, liyenera kupatula njira ya njinga m'mbali mwa miseu yaikulu.

Kufikira njira imeneyo itapezeka, inu ana a sukulu, kwerani basi. Mukasowa ndalama ya ulendo, dikirani kufikira mutaipeza, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Dziko lifuna aphunzitsi, alimi ndi akalaliki amoyo, ndipo makolo anu sanakulereni kuti mukathere pa Luangwa.