Ngongole ya kuchipatala isaphe dzina la kalabu yathu

Alimi anzanga, pali ngongole ina imene sitikonda kuitchula pa misonkhano yathu. Timakambirana momasuka za ngongole ya feteleza ndi ya mbewu, koma ngongole ya kuchipatala aliyense amafa nayo yekha mumtima. Pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya ulangizi kuno kwa Malengachanzi ndinaona makalabu abwino akugwa, ndipo ukafufuza bwino umapeza kuti chinayambitsa ndi matenda a m'banja limodzi.

Ndikukumbukira mayi wina wolima mpunga wa Faya, amene anali asanaphonyepo kubweza ngongole chilowereni m'kalabu. Chaka china mu February mwana wawo anadwala malungo aakulu usiku, ndipo anathamangira naye kuchipatala cholipira chimene chinali pafupi. Mwanayo anachira, koma ndalama zolipirira panalibe. Mayiwo anachita manyazi kuuza anzawo. Anapita kwa wakatapila n'kulonjeza matumba a mpunga umene unali usanatulutse n'komwe ngala. Ndalamazo zitaperewera, anagulitsanso thumba la feteleza wa ngongole. Pofika June wakatapila uja anabwera ndi matumba ake pamalo popunthira, ndipo mpunga wotsala sunakwane kubweza ngongole ya kalabu. Chaka chotsatira kalabu yonse inakanizidwa ngongole. Anzawo anakwiya mpaka kukawalanda mbuzi, osadziwa kuti gwero la zonsezi linali moyo wa mwana.

Nkhani yotereyi si yachilendo kuno kunyanja. Malungo amavuta kwambiri nyengo ya dzinja, kuyambira January mpaka March, nthawi imene m'thumba mwa mlimi mulibe kanthu. Mpunga timakolola cha mu May ndi June, ndipo nthawi imeneyo aliyense amakhala akugulitsa, mtengo n'kutsika. Ndiye kuti matenda amabwera pamene ndalama palibe, ndipo wobwereketsa amabwera pamene mbewu yatsika mtengo. Tiyerekeze kuti mwatenga K50,000 ya katapila yoti pakutha pa mwezi mubweze K75,000. Mukalephera, mwezi wachiwiri chiwongoladzanja chimawerengedwa pa K75,000 ija, ngongole n'kufika K112,500. Mwezi wachitatu usanathe, ngongoleyo yaposa mtengo wa matumba amene mumayembekeza kudyetsa banja.

Ena anganene kuti, "Bwanji osapita kuchipatala cha boma, chimene ndi chaulere?" Ndi zoona kuti kumeneko sitilipira. Koma kabaza salipiridwa ndi boma, wodikirira wodwala amafunika chakudya, ndipo mankhwala akatha amatiuza kuti tikagule tokha. Mitengo ya mankhwalawo inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023. Komanso pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chithandizo cha zaumoyo m'dziko muno limachokera m'zipatala za mishoni zimene zili pansi pa bungwe la CHAM, ndipo zimenezi n'zolipira. Mwana akamakomoka pakati pa usiku, kholo limathamangira kulikonse kumene kuli pafupi.

Chimene tiyenera kumvetsa n'chakuti ngongole masiku ano ili ndi kaundula. Mu 2010 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo la Credit Reference Bureau, lolola kuti mbiri ya anthu obwereka ndalama m'mabanki ndi m'mabungwe obwereketsa izisungidwa n'kumaonedwa ndi obwereketsa ena. Kuyambira mu 2017 tili ndi zitupa za unzika, choncho zothawira ku boma lina n'kukabwerekanso ndi dzina lina zinatha. M'kaundulamo amalemba kuti uje sanabweze ngongole, koma salemba kuti mwana wake anagonekedwa m'chipatala. Ngongole ya matenda ikasanduka ngongole ya feteleza yosabwezedwa, dzina limaipa, ndipo pangatenge zaka kuti liyere.

Akuluakulu athu akukumbukira mmene ngongole za SACA zinathera. Lamulo lake linali lakuti kalabu ibweze yonse isanalandire ngongole ina. Chilala cha mu 1992 chitabwera, ndale za zipani zambiri n'kulowererapo, anthu ochuluka analeka kubweza ndipo bungwelo linagwa. Mu 1994 ntchitoyo inapita m'manja mwa MRFC, koma alimi ambiri sanapezenso ngongole mosavuta ngati kale. Lamulo loti mmodzi akalephera onse alangidwe likadalipo m'magulu ambiri. N'chifukwa chake matenda a m'banja la membala mmodzi ndi nkhani ya kalabu yonse, kaya tifune kaya tisafune. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Tsono tichite chiyani? Choyamba, mukapatsidwa bilu kuchipatala musathawe ndipo musathamangire kwa wakatapila. Pemphani kuonana ndi woyang'anira za ndalama, tengani tcheyamani wa kalabu kapena a mfumu ngati mboni, ndipo pemphani kuti muzilipira pang'onopang'ono, gawo lalikulu mukakolola. Zimene mwagwirizana zilembedwe papepala, ndipo pa ndalama iliyonse imene mwapereka mulandire lisiti. Funsaninso ngati chithandizo chimene mwalandira sichili m'gulu la zimene boma limalipirira. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, uzani komiti ya kalabu sabata yomweyo, nthawi yobweza isanakwane. Wobwereketsa amamva msanga kalabu ikapita yokha kukafotokoza vuto nthawi ilipo, kusiyana ndi kudikira kuti atumize anthu odzalanda katundu. Feteleza wa ngongole musamukhudze, chifukwa mukagulitsa thumba limodzi mwachepetsa zokolola zimene zikanabweza ngongole zonse ziwiri.

Chachitatu, kalabu iliyonse ikhale ndi thumba la matenda. Amayi a banki m'khonde anatiphunzitsa kale kuti ndalama zochepa zosonkha sabata ndi sabata zimathandiza pa ngozi. Ife tingathe kuchita zoposa pamenepo. Pokolola, membala aliyense apereke ndowa imodzi ya mpunga wosapuntha kapena makaka a chinangwa. Zimenezi zisungidwe mpaka miyezi ya njala pamene mitengo imakwera, ndipo ndalama zake zizibwereketsedwa kwa odwala popanda chiwongoladzanja. Buku la thumbali lizisungidwa ndi anthu atatu ndipo liziwerengedwa poyera pa msonkhano uliwonse, kuopa kuti lingasanduke thumba la tcheyamani.

Amene mwakodwa kale ndi katapila, dziwani kuti dziko lino lili ndi lamulo lotchedwa Loans Recovery Act, limene limapatsa khoti mphamvu younikanso ngongole ngati chiwongoladzanja chake n'chankhanza. Munthu asakulandeni njinga, ukonde kapena malata a nyumba pongokuopsezani. Kanenani kwa a mfumu, ndipo zikakanika khoti la majisitireti lilipo pa boma.

Komabe tisanamizane kuti ndowa za mpunga zingathetse vuto lonse. Boma lili ndi mbali yake. Mu 2001 atsogoleri a mayiko a mu Africa anagwirizana ku Abuja kuti 15 peresenti ya bajeti izipita ku zaumoyo, koma dziko lathu zaka zambiri lakhala likulephera kufika pamenepo. Kuyambira mu 2006 boma lakhala likusainirana mapangano ndi zipatala za CHAM kuti amayi oyembekezera ndi makanda azithandizidwa mwaulere, boma n'kumalipira. Ndondomekoyi ndi yabwino, koma boma likachedwa kulipira, zipatala zina zakhala zikuimitsa chithandizocho, ndipo wovutika ndi mlimi. Ife ngati bungwe tipemphe khonsolo ya Nkhotakota ndi aphungu athu kuti mapanganowa azilipiridwa nthawi yake, kuti malungo a ana alowemo paliponse pamene chipatala cha boma chili kutali, ndiponso kuti chipatala chilichonse cholipira chipachike pakhomo, m'Chichewa, mndandanda wa mitengo ndi wa chithandizo chaulere. Kwa obwereketsa tikupempha kuti mlimi wosonyeza buku la kuchipatala ndi malisiti aziwonjezeredwa nthawi yobweza dzina lake lisanalembedwe m'gulu la okana ngongole.

Pa msonkhano wa kalabu wa mwezi uno, nkhani imeneyi ikhale yoyamba. Alembi alembe mabanja amene ali ndi ngongole ya matenda, popanda kuwaseka kapena kuwaloza zala, ndipo chiwerengerocho chitumizidwe ku ofesi ya bungwe lathu kuti tikapita kwa akuluakulu tikalankhule ndi umboni m'manja. Thumba la matenda liyambe ndi mpunga wa chaka chino, chifukwa mvula ikadzayamba malungo adzabweranso.