Ulendo wa ku Mua ndi nkhani ya mwana wotupa

Kuno ku Kasungu mwezi wa Ogasiti ndi wopumirako. Mabelo apita ku Chinkhoma, zigafa zangotsala zokha, ndipo nazale sizinayambe kutidzutsa m'mamawa. Ndi mwezinso umene anzathu amakwera magalimoto kupita ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumene Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amakasonkhana pamaso pa Kalonga Gawa Undi pa mwambo wa Kulamba. Mwambowu umachitika Loweruka lomaliza la mwezi. Kwa ife osunga Sabata nkhani imathera pomwepo, sitipita.

Koma achinyamata athu sanasiye kufunsa za chikhalidwe cha makolo awo. Ndiye ife a zaumoyo pampingo tinakonza ulendo wa pakati pa sabata wopita ku Mua, m'boma la Dedza, kumene kuli nyumba yosungiramo za chikhalidwe. Mkulu wa mpingo mmodzi anakana kwamtuwagalu. "Mukufuna mukaonetse ana athu zilombo?" Tinagwirizana kuti tikupita kukaona ndi kumva, sitikulowa kudambwe, ndipo iwonso akwere nawo kuti akadzionere okha.

Tinanyamuka kusanache, kudzera ku Lilongwe ndi Salima. Mishoni ya Mua anaiyambitsa ansembe a Katolika mu 1902, ndipo mu 1976 Bambo Claude Boucher a ku Canada anatsegulapo malo a zachikhalidwe ndi zosemasema otchedwa Kungoni. Nyumba yake, ya Chamare, ili ndi zipinda zitatu zofotokoza mbiri ya mishoni ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Wotiperekeza anatilowetsa m'chipinda muli nkhope za Gule Wamkulu zoposa 400. Guleyu bungwe la UNESCO linamuika m'gulu la chuma cha dziko lonse mu 2005. Atafotokoza kuti ovina amaimira mizimu ya makolo, ife tinamvetsera mwaulemu, chikhulupiriro chathu pa za akufa chili pomwe chinali, pa Mlaliki 9:5. Choseketsa n'chakuti mkulu wokana uja ndi amene ankatchula Chadzunda ndi Kasiyamaliro wotiperekeza asanatsegule pakamwa. Anakulira kumudzi, nanga n'kubisa?

Chimene chinatigwira mtima si nkhopezo ayi. Ndi pamene anayamba kulongosola za mdulo, ena amati tsempho. Makolo ankakhulupirira kuti bambo akayenda kunja kwa banja, kapena mayi amene ali kumwezi akathira mchere m'ndiwo, mwana amadulika: amatupa, amatsokomola, mwinanso kumwalira. Mayi wina wa Dorika anatikodola n'kunong'ona kuti, "Mwakumbukira banja lija la kuesiteti?"

Tinakumbukira, ndipo manyazi anatigwira. Mu Febuluwale, njala ili pachimake, tinapeza mwana wa zaka ziwiri pabanja lina la matenanti, mapazi ndi masaya zitatupa, tsitsi litapyapyala ndi kufiira. Mayi ake atatchula tsempho, tinawadula mawu n'kuwauza kuti zimenezo n'zachikunja, mwana apite kuchipatala. Anavomera mwaulemu, koma sanapite. Tinkati ndi mwano. Ku Mua m'pamene tinazindikira kuti pakhomo paja panali mlandu. Kutupa kwa mwana kunali kuloza chala bambo ake, ndipo mayi yekha sakanatha kunyamula mwanayo agogo ndi malume, eni mbumba, asanagamule. Ife tinalankhula ndi munthu wopanda mphamvu pankhaniyo, n'kunyozanso akuluakulu amene anali nazo. Mwanayo anafika kuchipatala patatha masabata awiri, atafookeratu. Anachira mwa chisomo cha Mulungu, koma masabata awiri amenewo tinathandizira kuwataya ndife.

Kutupa kotere si mchere, abale. Ndi kunyentchera kwa mtundu woopsa kumene kumagwira mwana akamangodya phala lamadzi kapena nsima yokhayokha, makamaka akangosiyitsidwa bere kapena akadwala malungo ndi kutsegula m'mimba. Kuyesa kwake n'kosavuta: dinikizani ndi chala chachikulu pamwamba pa mapazi onse awiri, muwerenge mpaka katatu. Pakatsala kadzenje, mwanayo apite kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale akuoneka wonenepa. Musayambe mwamudyetsa mwamphamvu kunyumba, chifukwa thupi lotere limafuna kuyambidwa pang'onopang'ono. Kuchipatala aliko mkaka wake wapadera, kenako chiponde.

Chomvetsa chisoni n'chakuti chotetezera chili m'minda yathu yomwe. Mtedza ndi soya timalima kuno, koma timagulitsa zonse kwa mavenda mu Meyi ndi Juni, ndiye pofika Januwale m'nyumba mulibe ndi kansinjiro komwe. Thumba limodzi la mtedza likhale la mwana, losakhudza ngakhale feteleza atavuta. Phala lake likhale la mgaiwa, lolimbako, lothira nsinjiro kapena ufa wa soya wokazinga, masamba osinja, nthawi zina dzira. Kusikelo asajombe.

Tsopano tikalowa pakhomo timayamba tafunsa kuti akuluakulu akuti chiyani za matendawo, ndipo timamvetsera mpaka amalize. Pa za kukhulupirika m'banja sitikangana nawo, pakuti lamulo lachisanu ndi chiwiri likunena zomwezo. Timangopempha kuti mlandu audikiritse koma mwana anyamuke lero. Zoti tsempho si chimene chatupitsa mwana timanena ndithu, sitibisa, koma timazinena mwana ali kale m'manja mwa adokotala, mitima itatsika.

Sabata yatha tinabwereranso pabanja lija. Ulendo uno tinayambira kwa agogo, tinakhala nawo pamphasa pafupifupi ola tisanatchule phala. Iwo sanasinthe maganizo pa za mpongozi wawo, anatiuza mosapsatira. Koma potsanzikana anatilowetsa m'nyumba n'kutionetsa chidebe cha mtedza chimene anabisa kuseri kwa chitseko, n'kutifunsa kuti nsinjiro azithira masipuni angati.